Angónia, Maputo, Halale: Anatcha Ndani Mayina Amenewa?

Mukakwera chapa pa Calómuè, pamalire a Dedza, n'kulowera ku Ulongwe mpaka kutsetserekera ku Tete, maso amawerenga zina, makutu n'kumamva zina. Pachikwangwani palembedwa Ulónguè, ndi timizere pamwamba pa zilembo, koma kondakitala akukuwa kuti “Ulongwe! Ulongwe!” monga ankatchulira agogo ake. Malo ambiri ali ndi mayina awiri chonchi, la m'mabuku a boma ndi la pakamwa pa anthu, ndipo kawirikawiri la pakamwa ndi limene limakhalitsa. Tiyambire kuno kumapiri, kenako tiyende mpaka kumizinda yotchuka yakutali.

Dzina loti Angónia linabwera bwanji?

Ndi dzina la Angoni lovekedwa mchira wa Chipwitikizi. Apwitikizi akamatchula dziko la anthu akutiakuti amakonda kumalizira ndi -ia, monga Itália kapena Zâmbia. Choncho Angónia ndi dziko la Angoni, basi.

Angoni ake ndi a Maseko. Makolo awo anachoka kumwera, kudera limene lero ndi Eswatini, pa nthawi ya nkhondo zimene zinabalalitsa mitundu yambiri kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Anawoloka Zambezi n'kupitirira mpaka cha ku Songea, kumwera kwa Tanzania. Mfumu yawo Mputa itafera komweko, anabwerera chakumwera motsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe. Chikuse, mwana wa Mputa, analamulira kuchokera kumeneko. Mwana wa Chikuse, Gomani, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Apo n'kuti Britain ndi Portugal atagawana kale dzikolo pa pangano la 1891, limene linayendetsa malire pamsana pa mapiri, pamene madzi amvula amasiyanirana, ena kulowera kum'mawa, ena ku Zambezi. N'chifukwa chake pa Lizulu lero mayi wogulitsa mbatatesi ndi kabichi amakhala tsidya lina la msewu ali ku Mozambique, wogula n'kuima tsidya linalo ali ku Malawi, awiriwo akunenerera mtengo m'chilankhulo chimodzi.

Koma dzina la Angónia limabisanso kanthu. Angoni atafika anapeza Achewa akulima kale m'madambo amenewa, ndipo ngakhale Angoni anapambana pa nkhondo, chilankhulo chimene chinapambana pakhomo ndi cha amayi a ana awo. Lero ku Angónia anthu amalankhula Chichewa, chimene ena amati Chinyanja, ndipo Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'mayina. Amene akufuna dzina la eni nthaka akale pa mapu a chigawo cha Tete ayang'ane chakumadzulo, pa boma la Marávia. Limenelo ndi dziko la Amaravi, ndi mchira womwewo wa -ia, ndipo likuchokera pa tsinde limodzi ndi dzina la dziko la Malawi.

Nanga bwanji amalemba Ulónguè, Dómuè, Zóbuè? Ndi mayina ena?

Ayi, ndi omwewo. Nthawi ya atsamunda zilembo za k, w ndi y sizinkawerengedwa pa afabeti ya Chipwitikizi. Mlembi wa boma akamva “we” ankalemba uè, akamva “ka” ankalemba ca. Domwe anasanduka Dómuè, Zobwe anasanduka Zóbuè, Kalomwe n'kukhala Calómuè. Timizere tapamwamba tinkathandiza Mpwitikizi kudziwa pokweza mawu. Mwana wa ku Domwe sanafunikepo timizere kuti atchule kwawo.

Angerezi nawo anali ndi makutu awo. Analemba Cholo, Mlanje, Kota Kota, Ncheu, ndipo a Malawi anadzakonza kukhala Thyolo, Mulanje, Nkhotakota ndi Ntcheu. Ku Mozambique kalembedwe kakale kanatsala chifukwa Chipwitikizi chinakhalabe chilankhulo cha boma.

Akuluakulu ena amatchulabe Vila Coutinho. Ndi kuti kumeneko?

Ndi pa Ulongwe pomwepo. Atsamunda anali ndi chizolowezi chopatsa matauni mayina a asilikali, abwanamkubwa ndi a banja lachifumu la kwawo, mawu oti Vila kapena Porto ali patsogolo. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo linafafaniza mayina ambiri otere. Vila Coutinho inakhala Ulónguè, Vila Cabral ku Niassa inakhala Lichinga, Nova Freixo inakhala Cuamba, Vila Pery inakhala Chimoio, Porto Amélia inakhala Pemba, João Belo inakhala Xai-Xai.

Tikamati “inakhala” timalakwitsa pang'ono. Ambiri mwa mayinawa sanali atsopano. Anali a mapiri, mitsinje ndi mafumu a m'deralo, amene anthu sanasiyepo kuwatchula. Boma linangotenga dzina limene linali pakamwa n'kuliika pa chidindo. Ku Malawi zinayenda chimodzimodzi: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa. Ku Zambia tauni imene inamangidwa Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898 inatchedwa Fort Jameson, kukumbukira Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Lero ndi Chipata, dzina limene wolankhula Chichewa safuna womumasulira, ndipo aliyense amene anadutsapo pakati pa mapiri a pamenepo amaona yekha kuti ndi polowera.

Kumene Frelimo inabweretsa mayina atsopano enieni ndi m'misewu ndi m'madera a m'matauni. Mu mzinda wa Tete muli madera otchedwa Josina Machel ndi Francisco Manyanga, mayina a omenyera ufulu. Mlatho wowoloka Zambezi, umene unatsegulidwa ndi dzina la Marcelo Caetano, mtsogoleri wa Portugal wa nthawi imeneyo, tsopano ndi wa Samora Machel. Ku Maputo mukhoza kuyenda mu msewu wa Julius Nyerere, kukhotera mu Mao Tse Tung, kenako n'kutulukira mu Kim Il Sung. Misewu imeneyi imakuuzani amene anali abwenzi a dzikoli m'zaka za m'ma 1970.

Maputo anali Lourenço Marques. Ameneyo anali ndani, ndipo Maputo ndi chiyani?

Lourenço Marques anali Mpwitikizi wamalonda ndi woyenda panyanja amene anafufuza gombe la kumeneko cha mu 1544, akufunafuna minyanga ya njovu. Malowa anakhala aang'ono kwa zaka mazana atatu. Chimene chinawakweza ndi golide wa ku Transvaal ndi njanji yopita kumeneko, ndipo mu 1898 likulu linasamutsidwa kuchoka pa chilumba cha Mozambique kupita ku Lourenço Marques. Dzina la dziko lonse linachokera pa chilumba chimenecho, ndipo mbiri imene imafotokozedwa kwambiri imati ndi la Mussa bin Bique, mkulu wamalonda amene anali wamphamvu pamenepo Vasco da Gama asanafike mu 1498.

Samora Machel analengeza dzina la Maputo mu Febuluwale 1976. Chodabwitsa n'chakuti mtsinje wa Maputo sudutsa mu mzindawo. Uli chakumwera, ndipo umathira m'nyanja mbali ina ya gombelo. Dzinali linasankhidwa chifukwa pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, Frelimo ikamanena za dziko lonse inkatchula mitsinje iwiri, Rovuma kumpoto ndi Maputo kumwera. Eni dera, Aronga, anali ndi mayina awo: KaMpfumo, kutanthauza kwa Mpfumo, mfumu ya pamalopo, ndi Xilunguine, malo a azungu. Lero dera lapakati pa mzindawo limatchedwa KaMpfumo m'mabuku a boma.

Ngati mayina a atsamunda anachotsedwa, bwanji Beira ndi Blantyre adakalipo?

Apa m'pamene nkhani imakoma. Beira ndi dzina lachifumu kuposa ena onse amene anafafanizidwa. Mwana wa mfumu ya Portugal, Luís Filipe, anabadwa mu 1887, chaka chimene asilikali anakhazikitsa malo awo pa kamtsinje ka Chiveve, ndipo udindo wake unali Kalonga wa Beira. Malowo anatchedwa Beira pomulemekeza. Iye mwini anafikako mu 1907, ndipo chaka chotsatira anawomberedwa ku Lisboa pamodzi ndi bambo ake, mfumu Carlos. Mayi ake anali Amélia, yemwe uja wa Porto Amélia. Dzina la mayi linachotsedwa, la mwana linatsala. M'maganizo anga chinapulumutsa Beira n'chakuti silimveka ngati dzina la munthu: m'Chipwitikizi mawuwa amatanthauzanso m'mphepete, ndipo mzindawo ulidi m'mphepete mwa nyanja.

Blantyre ndi dzina la tauni ina ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Amishoni a Church of Scotland analipereka ku malo awo mu 1876, m'dera la mfumu Kapeni. Malawi itadzilamulira mu 1964 dzinali silinakhudzidwe, monganso Livingstonia kumpoto ndi mzinda wa Livingstone ku Zambia. Livingstone ankakumbukiridwa ngati mmishoni wodana ndi malonda a akapolo, osati ngati msilikali wolanda dziko, ndipo atsogoleri ambiri a ufulu anaphunzira m'sukulu za mishoni. Komabe mverani mmene anthu amalankhulira. Wa ku Blantyre amati ndi wa ku Kabula, ndipo wa ku Livingstonia amati kwawo ndi ku Khondowe.

Ku Angónia nakonso dzina la mishoni silinavute munthu. Fonte Boa, mishoni ya ansembe a chipani cha Yesu imene lero ili m'boma la Tsangano, ndi Chipwitikizi chenicheni, kasupe wabwino, ndipo palibe amene anaona chifukwa cholisinthira.

Tete ndi Cahora Bassa ndi mawu a Chipwitikizi?

Onse awiri ndi a m'mbali mwa Zambezi. Ambiri amafotokoza kuti Tete linachokera ku mitete, bango lomera m'mphepete mwa mtsinje. Eni ake tauniyo ankaitchula kuti Nyungwe, dzina lomwenso ndi la mtundu wawo ndi chilankhulo chawo. Tete ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri mkati mwa chigawo chino cha Africa. Amalonda achiswahili analipo kale pamene Apwitikizi anakhazikikapo cha m'ma 1530.

Cahora Bassa ndi dzina la opalasa mabwato. Basa m'Chinyungwe ndi ntchito, ndipo dzinali limamasuliridwa kuti pothera ntchito. Wopalasa akachoka ku Tete kukwera mtsinje ankafika pa mathithi pamene bwato silingapitirire. Livingstone anaphunzira zimenezi movutikira mu 1858, sitima yake ya Ma Robert italephera pamalo omwewo, amene iye analemba kuti Kebrabasa. Kulepherako n'kumene kunamukhotetsera ku Shire mpaka kukafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Atsamunda pomanga damu, limene linatha mu 1974, ankalemba Cabora Bassa, ndipo kalembedwe kanasinthidwa ufulu utabwera.

Agogo ankati anagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Mayina amenewa anawatenga kuti?

Halale ndi umboni wabwino kwambiri wakuti dzina la pakamwa limatsogola, boma n'kumabwera pambuyo. Mzindawo unayamba mu Seputembala 1890 ngati Fort Salisbury, kulemekeza Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain. Ameneyu si mlendo pa nkhani ya Angónia. Ndi boma lake limene mu Januwale 1890 linaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake kudera la Shire ndi ku Mashonaland, ndipo ndi boma lomwelo limene linasaina pangano la 1891 lija. Koma anthu akuda ogwira ntchito mu mzindawo ankakhala ku komboni ya Harari, dzina lochokera kwa mfumu ya Chishona ya m'deralo, Neharawa. Amuna a ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Angónia amene ankayenda pansi kudzera ku Tete sankati akupita ku Salisbury. Ankati akupita ku Halale, ndipo ananena choncho kwa zaka zambirimbiri boma la Zimbabwe lisanasinthe dzinalo kukhala Harare pa 18 Epulo 1982. Komboni ija tsopano ndi Mbare.

Joni ndi Johannesburg yofupikitsidwa ndi anthu a ku migodi, amene ankapita kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba. Mzindawo unabadwa mu 1886 golide atapezeka. Burg ndi tauni, ndipo Johannes ndi dzina limene linali lofala kwambiri pakati pa Mabunu moti mpaka lero olemba mbiri amatsutsana kuti ndi Johannes uti. Amene amatchulidwa kawirikawiri ndi akuluakulu awiri a boma la Transvaal, Johann Rissik ndi Christiaan Johannes Joubert. Azulu sanavutike nazo. Anangoti eGoli, kumalo a golide.

Kodi Angoni anasiya mayina otani m'njira imene anadutsa?

Tcherani khutu kumapeto kwa dzina. Mchewa akafuna kunena malo amaika ku-, pa- kapena kwa patsogolo: kwa Gomani, kwa Kachindamoto. M'Chingoni ndi m'Chizulu amaika e- patsogolo ndi -eni kapena -ini kumapeto. Mukamva Ekwendeni, Embangweni, Edingeni ndi Euthini ku Mzimba, Mtenguleni ku Chipata kumene kumachitikira mwambo wa Nc'wala, kapena Mlangeni pamalire a Ntcheu ndi Mozambique, mukumva kapangidwe kofanana ndi ka eThekwini, dzina la Chizulu la Durban. Dzina loti Durban lenilenilo ndi la bwanamkubwa wa Cape, Benjamin D'Urban, ndipo linaperekedwa mu 1835, chaka chimene Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi dzuwa litadetsedwa ndi kadamsana.

Songea ndi dzina la munthu, Songea Mbano, mtsogoleri wa nkhondo wa Angoni amene Ajeremani anamupha mu 1906 pa kuukira kwa Maji Maji. Bulawayo ndi ya abale awo Andebele, ndipo tanthauzo lake ndi loopsa, malo ophedwera. Mfumu yawo Lobengula inatcha mudzi wake choncho, dzina limene mudzi wa Shaka, mfumu ya Azulu, unali nalo kale.

Tipite kutali tsopano. Mizinda ikuluikulu ya padziko ili ndi matanthauzo ozama?

Yambiri ayi, ndipo n'zoseketsa mukadziwa. Dzina limamveka lolemera chifukwa chilankhulo chake n'chachilendo kwa ife. Oxford, kumene kuli yunivesite yotchuka ija, ndi powolokera ng'ombe. Beijing ndi likulu lakumpoto, Nanjing likulu lakumwera. Tokyo ndi likulu lakum'mawa, dzina limene linalowa m'malo mwa Edo mu 1868 mfumu ya Japan itasamukirako. Nairobi linachokera ku mawu a Chimasai onena za madzi ozizira, ndipo mu 1899 panali pongoimira omanga njanji yochokera ku Mombasa. Kampala ndi phiri la nswala. Lilongwe ndi mtsinje umene unalipo mzinda usanakhale likulu mu 1975, ndipo Lusaka ndi dzina la nyakwawa, Lusaaka, amene mudzi wake unali pafupi ndi pamene njanji inadutsa.

Ena anatchedwa mwachikondi kapena monyadira. Addis Ababa ndi duwa latsopano, ndipo anatcha ndi Taytu, mkazi wa mfumu Menelik. Dar es Salaam ndi Chiarabu, nyumba ya mtendere, dzina la Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, pamalo pamene panali mudzi wa asodzi wa Mzizima. Cairo, imene inamangidwa mu 969, ndi wopambana.

Apwitikizi anali ndi njira yawoyawo, kuyang'ana kalendala. Vasco da Gama anadutsa gombe lina nthawi ya Khirisimasi mu 1497, n'kulitcha Natal, kubadwa. Oyenda panyanja ena anafika pa gombe la Guanabara ku Brazil pa 1 Januwale 1502 n'kulitcha Rio de Janeiro, mtsinje wa Januwale, ngakhale palibe mtsinje wotero pamenepo. São Paulo inayamba ngati sukulu ya mishoni imene Misa yake yoyamba inachitika pa 25 Januwale 1554, tsiku lokumbukira kutembenuka mtima kwa Paulo Woyera. Anayambitsa ndi ansembe a chipani cha Yesu, chomwecho chimene chinadzamanga mishoni za Lifidzi ndi Fonte Boa kuno kumapiri. Lagos ya ku Nigeria ndi Chipwitikizinso, nyanja zing'onozing'ono, pamene Ayoruba amati Eko.

Kusintha mayina a mizinda ndi khalidwe la ku Africa kokha?

Kutalitali. New York inali New Amsterdam mpaka 1664, pamene Angerezi anailanda kwa Adatchi n'kuipatsa dzina la Duke of York, mng'ono wa mfumu. Bombay inakhala Mumbai mu 1995. Mzinda umene unazunzika kwambiri ndi St Petersburg ku Russia. Mu 1914, nkhondo ndi Germany itayamba, dzinalo linaoneka la Chijeremani kwambiri ndipo unakhala Petrograd. Lenin atamwalira mu 1924 unakhala Leningrad. Mu 1991 anthu anavota n'kubwezeretsa dzina loyamba. Munthu wobadwa mu 1913 amene anafika zaka 80 anakhala m'mizinda ya mayina atatu, kusintha katatu, osasamuka pakhomo pake.

Pali nkhani zoti mzungu anafunsa dzina la malo, munthu n'kuyankha zina, dzina n'kubadwa. N'zoona?

Nkhani zimenezi zilipo paliponse, ndipo kufanana kwake n'kumene kumandikayikitsa. Ya ku Quelimane imati Apwitikizi anapeza anthu ali m'munda, atafunsa dzina la malowo anthuwo n'kuyankha kuti akulima, mlendo n'kulemba Quelimane. Imakoma pofotokoza, ndipo imatipatsa mpata woseka mlendo amene ankadziona wanzeru. Koma nkhani ikakhala yoti ingagwire pa tauni iliyonse mutangosintha mawu amodzi, ndi bwino kuilandira ngati nthano.

Pali imodzi imene ili ndi maziko. Nyasa m'Chiyao ndi chimodzimodzi ndi nyanja m'Chichewa, madzi aakulu. Azungu analitenga ngati dzina la nyanja imodzi, moti polemba Lake Nyasa ankangoti nyanja ya nyanja. Kuchokera pamenepo panabadwa Nyasaland, komanso Niassa, chigawo cha Mozambique chimene likulu lake ndi Lichinga. Nyanja yomweyo lero ili ndi mayina atatu: a Malawi amati Lake Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa, a ku Mozambique amati Lago Niassa.

Azungu nawo ali ndi nthano zawo. Anthu a ku Lisboa kwa nthawi yaitali ankanyadira kuti mzinda wawo anauyambitsa ndi Ulisses, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, chifukwa dzina lake lakale, Olisipo, limamveka mofananako. Akatswiri a zilankhulo savomereza zimenezo. Aroma ankati amachokera kwa Romulus, amene anayamwa mkaka wa chilombo chonga galu wam'tchire.

Nanga London amatanthauza chiyani?

Aroma anamanga tauni pa mtsinje wa Thames pasanapite nthawi yaitali atalowa m'dziko la Britain m'chaka cha 43, ndipo ankailemba Londinium. Dzinalo silichokera ku Chilatini. Analipeza kwa anthu amene analipo kale n'kuliika mchira wawo, monga mmene Apwitikizi anachitira ndi Angoni. Za tanthauzo lake akatswiri a ku Britain akhala akutsutsana kwa zaka mazana angapo, ena akuti ndi dzina la munthu, ena akuti likunena za mtsinje waukulu wosawolokeka ndi miyendo, ndipo mpaka pano sanagwirizane.